Goli, tsala ndi chipewa: Chichewa chimene chidatsalira m'mapepala a ukapolo ndi nkhondo

Mwezi wathawu ndinataya masabata awiri ndikuwerenga zinthu zosakhudzana ndi kafukufuku wanga. Ndinagwera m'mapepala akale a ku America amene nyumba zosungira mbiri kumeneko zidaika pa intaneti: makalata a akapolo ndi a asilikali akuda, zithunzi zawo, mapepala ogulitsirana anthu, milandu ya m'makhoti. Ukayamba zimenezi, kusiya kumavuta. Pali kaundula wa mu 1783 wotchedwa Book of Negroes, momwe Angelezi, atagonja pa nkhondo ya ufulu wa America, adalemba anthu akuda pafupifupi 3,000 amene ankachoka nawo ku New York, aliyense dzina lake, zaka zake ndi maonekedwe a thupi lake. Pali kalata ya James Henry Gooding, msilikali wakuda amene mu September 1863 adalembera Pulezidenti Lincoln kufunsa ngati iye ndi anzake ndi asilikali kapena aganyu, popeza mzungu ankalandira madola 13 pa mwezi pomwe wakuda ankalandira 10, ndipo pa 10 pomwepo ankamudulanso 3 ya zovala. Pali ya Jourdon Anderson ya mu August 1865, yoyankha mbuye wake wakale amene ankamuitana kuti abwerere ku munda. Anderson adati ayambe alandira malipiro a zaka 32 zimene adagwira ulere.

Nkhanza zake n'zodziwika kale. Chimene chinandigwira ine n'choti anthuwa akumveka mawu. Chingelezi chinali chiyankhulo chawo cha pakhomo, ndiye pakati pa pakamwa ndi pepala panalibe mtunda wautali. Ngakhale Anderson, amene kalata yake adachita kumulembera wina iye akuyankhula, nthabwala zake zoluma zidafika papepala zili zamoyo.

Ndili mu minibasi kuchokera ku Lirangwe kulowera m'tauni, phiri la Michiru likuoneka chakumanjaku, ndinadzifunsa kuti nanga zathu zili kuti? Kuno kwa Kuntaja ndi madera ozungulira ukapolo udadutsa, nkhondo zidadutsa, mapepala adalembedwa ambiri ndithu. Kusiyana kwake n'koti nkhani inkakambidwa m'Chimang'anja ndi m'Chiyao koma n'kulembedwa m'Chingelezi, ndipo wolembayo kawirikawiri sanali mwini nkhani. Komabe chiyankhulo sichidafafanizike chonse. Chidatsalira m'mawu amodziamodzi amene wolemba adalephera kumasulira, kapena sadafune kutero. Kwa ife ophunzira chiyankhulo, mawu otsalirawo ndi umboni, ndipo nthawi zina amanena zimene pepala lonselo likubisa.

Tiyambe ndi chithunzi. Pa 16 July 1861 David Livingstone ndi gulu lake, akuperekeza amishoni a Bishopu Mackenzie, anali m'mudzi wa Mbame, kumwera kwa kumene lero kuli mzinda wa Blantyre. Kudafika mdipiti wa akapolo wopita ku Tete. Owayendetsa ataona azungu adathawira m'tchire, ndipo anthu 84 adamasulidwa. Patangopita masiku asanu, ku Virginia kudachitika nkhondo yoyamba yaikulu ya pachiweniweni ya America, ya ku Bull Run. Zinthu ziwirizi sizidangokumana pa kalendala. Maloto a Livingstone anali oti thonje la m'chigwa cha Shire lilowe m'malo mwa thonje lolimidwa ndi akapolo ku America, limene mafakitale a ku Britain ankadalira.

Chithunzi cha mdipitiwu chidatuluka m'buku la David ndi Charles Livingstone la mu 1865. Si cha kamera, n'chozokota, ndipo chakhala chikusindikizidwa m'mabuku ambiri a mbiri ya ukapolo, ngakhale okamba za nyanja ya Atlantic kumene anthuwa sankapita n'komwe. Mawu a pansi pa chithunzicho amatchula Mbame ndi Tete, koma mwa anthu omangidwawo palibe ndi mmodzi yemwe ali ndi dzina. Mayina adadzaoneka pambuyo pake m'zolemba za amishoni a ku Magomero, kumene omasulidwawo adapita. Mmodzi mwa ana amene adamasulidwa m'masiku amenewo ndi Chuma, yemwe patapita zaka adanyamula nawo mtembo wa Livingstone mpaka kunyanja ya mchere.

M'bukumo muli liwu limodzi lathu lomwe olemba adalisiya momwe adalimvera. Mtengo wa mphanda umene unkaikidwa m'khosi mwa mwamuna aliyense, n'kutsekedwa ndi kachitsulo, adaulemba kuti goree. Limeneli ndi goli. Kusinthana kwa l ndi r tonse tikukudziwa, ndi komwe kuja kwa Chilembwe ndi Chirembwe, kapena kwa dzina la Lirangwe limene lili ndi zonse ziwiri. Chofunika kuona n'choti chidacho chinali ndi dzina lake lokhazikika m'chiyankhulo cha kuno. Chinthu chachilendo sichikhala ndi dzina lotere. Anthu a m'mapiri a Shire ankalidziwa goli azungu asanafike, ndipo ena mwa iwo ndi amene ankalisema. Lero mwana wa ku Chileka akamva goli amaganiza za ng'ombe zokoka ngolo, kapena za ulaliki wa Lamulungu, chifukwa omasulira Baibulo adatenga liwu lomweli. Ine ndakula ndikulimva m'tchalitchi osadziwa kuti lidakhalapo m'khosi mwa munthu. Pomasula aja a kwa Mbame, adachita kudula magoliwo ndi sowo imene inali m'katundu wa bishopu.

Ndisanachoke pa ukapolo, kamodzi aka. Dikishonale yoyamba yaikulu ya chiyankhulo chathu sidalembedwe ku Malawi. Johannes Rebmann adaisonkhanitsa kufupi ndi Mombasa kuyambira mu 1853, ndipo idasindikizidwa mu 1877 ndi dzina loti Dictionary of the Kiniassa Language. Mawu onsewo adachokera kwa Salimini, kapolo amene adagwidwa kuchigawo chapakati cha dziko lino. Pachikuto pali dzina la Rebmann. Uku ndiye kutembenuka kwa zomwe tikukambazi: apa Chichewa chadzaza buku lonse, koma mwini wake ndiye watsalira m'mbali.

Tsopano tibwere kwathu kwenikweni, pa mapepala a malo. Joseph Booth adafika ku Blantyre mu 1892, ndipo posakhalitsa adagula maekala oposa 26,000 ku Michiru, n'kukhazikitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, pomwe mpaka lero pali likulu la mpingo wa Zambezi Evangelical. Womugulitsa malowo mapepala akale amamulemba kuti Kumtaja. Ife lero timalemba Kuntaja.

Kalembedwe aka kanandithetsera kafunso kamene ndakhala nako kuyambira ku sekondale. M'Chichewa n ikatsogolera t m'phatikizo limodzi, pamabwera h: nthawi, nthochi, munthu. N'chifukwa chake mfumu yoyandikana nafe timailemba Kunthembwe. Nanga bwanji Kuntaja alibe h, ndipo palibe amene amanena kuti Kunthaja? Pepala lakale likuyankha. Poyamba panali m woima payekha ngati phatikizo, wonga wa mu mtengo ndi mtima, amene pakamwa pa ambiri a ife kummwera kuno amasanduka n: ntengo, ntima. Dzina la Kuntumanji wa ku Zomba nalonso mudzalipeza litalembedwa Kumtumanji. Choncho si nthawi zonse pamene mzungu wa m'ma 1890 adalakwitsa dzina. Apa adasunga kamvekedwe kakale kamene ife tidakasalaza.

Koma nkhani yaikulu ili m'kati mwa mapepalawo. Kuyambira mu 1892 Harry Johnston, amene ankayendetsa dziko lino m'malo mwa boma la Britain, adayamba kuunika zonena za azungu oti adagula malo kwa mafumu, n'kumapereka chikalata chotchedwa Certificate of Claim. M'dziko lonse zikalatazi zidakhudza maekala oposa 3.7 miliyoni. Malipiro ake nthawi zambiri anali nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Zikalata zambiri zinali ndi ndime yoteteza eni dera: midzi ndi minda yomwe inalipo pa nthawiyo isasokonezedwe popanda chilolezo cha boma. Ukawerenga m'Chingelezi zikumveka zachilungamo.

Ndiye yesani kuiganiza ndimeyo m'Chichewa. Agogo anga aakazi akamandionetsa malo kumudzi satchula munda wokha. Amati apa ndi munda, apo ndi dimba, uko ndi tsala la malume ako, kuseri kuja ndi bwinja, ndi pomwe tidachoka. Tsala ndi munda umene waugoneka kuti nthaka ipume. Pamera thengo, mlendo angayese tchire lopanda mwini, koma mudzi wonse ukudziwa kuti ndi la uje. Bwinja ndi pamene panali mudzi, ndipo nthawi zambiri manda a makolo ali chapafupi. Ulimi wa nthawi imeneyo unali woyenda: munda ukaguga umausiya n'kukatsegula mphanje, mudzi nawo unkasamuka pakapita zaka. Chikalata chidateteza zokhazo zimene diso la woyeza malo linkaona tsiku limenelo, nyumba zoimirira ndi mbewu zomera. Tsala ndi bwinja zidalibe liwu m'pepalamo. Banja likangosuntha munda kapena nyumba, mwini esiteti ankati chitetezo chija chatha, tsopano ndinu alendo pa malo anga. Amene adabwera pambuyo, monga Alhomwe ochokera ku Mozambique, ndiye analibiretu pogwira.

Liwu loti kugula nalonso n'lokayikitsa. Mfumu imapatsa munthu malo, munthuyo amathokoza ndi kenakake, ndipo akachoka malo amabwerera. Kuti nsalu zija zikutanthauza kuti dzikolo lapita mpaka muyaya, pamodzi ndi mitsinje ndi mitengo yake, imeneyo inali nzeru ya chiyankhulo china. Sindikunena kuti mafumu onse adapusitsidwa. Amene adagulitsa maekala 26,000 kwa Booth sanali mwana pa zamalonda. Ndikunena kuti pa tsiku losainirana pankachitika zokambirana ziwiri, china pabwalo kudzera mwa womasulira, china papepala, ndipo khoti lidadzamvera cha papepala chokha.

Kamodzi khoti lidayesako kumva mbali inayo. Mu 1903 mkulu wa boma woona za anthu akuda adasumira kampani ya Blantyre and East Africa Ltd, imene idasainitsa mafumu a m'midzi ya pa esiteti mgwirizano wotaya chitetezo chija kuti anthu awo akhale olipira lendi ndi ntchito. Jaji Nunan adagamula kuti mgwirizanowo unali wokondera mbali imodzi, ndipo adaukana. Chigamulo chinali chabwino, koma pa maesiteti zinthu zidapitirira momwemo.

Apa ndi pamene pakulowa liwu lodziwika kwambiri mwa onse, thangata. Mneni wake ndi wabwinobwino mpaka lero. Timati ndithangateni, timati Mulungu akuthangateni, ndipo kale kuthangata kunali kukalima kwa mfumu kapena kwa mnansi, n'kumwa mowa pamodzi ntchito ikatha. Eni maesiteti adatenga liwuli n'kulipachika pa ntchito imene wokhala pa malo awo ankagwira m'malo mwa lendi. Mwezi umodzi unali wa lendi, wina wa msonkho wa nyumba, umene unali mashilingi atatu koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 udakwera kufika asanu ndi limodzi kwa amene sadagwireko ntchito kwa mzungu. Mwezi wa pa tikiti sunali mwezi wa kumwamba. Kapitawo akapanda kuchonga tsiku, ndiye kuti tsikulo silidagwiridwe, mwakuti miyezi iwiri inkatha kutalika kwambiri, komanso inkagwa m'dzinja pamene munthu afunika m'munda mwake.

Taonani zimene zidachitika m'galamala. Liwuli lidalowa m'malipoti ndi m'makalata a boma a Chingelezi ngati dzina, lopanda ku- wake, lopanda wothangata ndi wothangatidwa. Mneni amafuna kuti unene ndani akuthandiza yani. Dzina silifunsa zimenezo. Kenaka lidabwerera kwa eni ake litasintha, ndipo lero tili ndi mawu awiri ochokera pa tsinde limodzi amene matanthauzo ake ndi otsutsana. Wantchito amene sadalandire malipiro miyezi itatu amati imeneyi ndi thangata, ndipo palibe amene amamva kuti akuyamikira. J. A. K. Kandawire adalemba buku lonse mu 1979 pa funso lomweli, ngati thangata inali ntchito yokakamiza kapena kuthandizana. Lamulo lidathetsa mchitidwewu mu 1962, koma tanthauzo lachiwirilo lidakhala. Ine ndimaona kuti kusankha liwuli kunali kuchenjera. Ukapolo unali utaletsedwa, ndipo boma linkadzitama kuti lidabwera kudzathetsa goli. Ntchito yokakamiza inkafunika dzina lofatsa, ndipo adalipeza m'kamwa mwa okakamizidwawo.

Pa malo omwewa a ku Michiru ndi pamene ulusi wa ku America ukulumikizika. Mnyamata amene ankagwira ntchito m'nyumba ya Booth, n'kumalera mwana wake Emily, anali John Chilembwe. Olemba mbiri ambiri amati bambo ake anali Myao ndipo mayi ake anali Mmang'anja wogwidwa ukapolo. Emily atakula adalemba kuti Chilembwe adafika ndi kakalata ka pensulo kopempha ntchito yophika. Chingelezi chake chili ndi fungo la kwathu. Pofuna kunena kuti munditenge, adagwiritsa ntchito carry, mneni wa kunyamula. Kwa Mngelezi n'kulakwitsa, koma kwa ife kutenga kumagwira zonse ziwiri, kulandira munthu ndi kusenza katundu. N'chifukwa chake onyamula katundu ankatchedwa amtengatenga, liwu linanso limene lidalowa m'mapepala a boma osamasuliridwa, makamaka pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 pamene amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 adasenza katundu wa asilikali.

Mu 1897 Booth adapita naye Chilembwe ku America. Adaphunzira pa koleji ya zaubusa ya anthu akuda ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia, pasanathe zaka 35 chithere ukapolo kumeneko. Anthu amene ankapemphera nawo ambiri adabadwa akapolo kapena anali ana a akapolo. Adabwerako mu 1900 mothandizidwa ndi National Baptist Convention n'kuyambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, ndipo Amereka akuda awiri, Landon Cheek ndi Emma DeLany, adabwera kudzamuthandiza.

Mu November 1914, nkhondo ya ku Karonga itachitika kale mu September, Chilembwe adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times. Adakumbutsa kuti anthu a dziko lino adakhetsapo kale mwazi pa nkhondo za boma m'maiko ena, adafunsa ngati padzakhala chabwino chilichonse kwa iwo nkhondo ikadzatha, ndipo adati olemera ndi eni malo ndiwo apite akaphedwe, osati amphawi amene akafa amangosiya akazi amasiye ndi ana opanda kanthu. Boma lidaletsa kalatayo kuti isafalikire. Muiike pambali pa ya Gooding ija. Pakati pawo pali zaka 51 ndi nyanja, koma funso ndi limodzi, la munthu wakuda amene akuitanidwa kukafera boma limene silimuwerengera mofanana. Gooding adafera m'ndende ya adani ku Andersonville mu 1864, chaka chomwe malipiro adawafananitsa. Chilembwe adaukira pa 23 January 1915 ndipo adaphedwa pa 3 February. George Mwase, polemba za kuukiraku m'zaka za m'ma 1930, adati Chilembwe ankadzifanizira ndi John Brown, uja adaukira ukapolo ku Harpers Ferry mu 1859.

Pakati pa kakalata ka pensulo ndi kalata ya mu nyuzipepala pali zaka 22. Koyamba kali ndi Chichewa chobisala kuseri kwa Chingelezi. Yachiwiri ndi ya munthu amene wachigwira Chingelezi n'kuchilozetsa kwa eni ake, ndipo akuti akuyankhulira anthu a mtundu wake, amene ambiri mwa iwo sakadatha kuiwerenga. Imeneyi ndi mfundo yowawa pang'ono kwa ife okonda chiyankhulo. Kalata yotchuka kwambiri m'mbiri yathu si ya m'Chichewa, ndipo sikadatheka kukhala ya m'Chichewa, chifukwa amene ankafunika kuimva sakadaiwerenga.

Zithunzi zake nazo n'zosiyana kwambiri ndi chija cha kwa Mbame. Ku America omenyera ufulu ankafalitsa zithunzi za mitundu iwiri. Pali cha mu 1863 cha bambo wa msana wodzaza zipsera za chikoti, amene ena amamutcha Gordon ena Peter. Ndiye pali za Frederick Douglass, amene adajambulitsa kambirimbiri, nthawi zonse atavala suti, nkhope ili gwa, kuti womuona asapeze pomunyozera. Chilembwe adasankha njira yachiwiriyi. Pa chithunzi chodziwika chija ali ndi mkazi wake Ida ndi mwana wawo, onse atatchena, ndipo ana a sukulu a ku Mbombwe ankajambulidwa atavala mwaudongo. Ndikuganiza kuti nzeru imeneyi adaitola ku Lynchburg. Nkhope imene timaipinda m'thumba pa K500 ndi K2,000 ndi ya munthu amene ankadziwa bwino chimene kamera imachita.

Pa chithunzi china, cha mu 1914, waima ndi John Chorley, mmishoni wa Zambezi Industrial Mission yomwe ija ya ku Mitsidi, ndipo Chilembwe wavala chipewa. Samson Kambalu adaumba chiboliboli kuchokera pa chithunzichi, chimene chidaikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Chipewacho chili ndi nkhani. Boma litakhazikitsa komiti yofufuza za kuukira kuja mu 1915, mboni zachikuda, kuphatikizapo abusa ndi aphunzitsi, zidadandaula za thangata, za msonkho, za chikoti, komanso mobwerezabwereza za chipewa. Munthu wakuda akakumana ndi mzungu panjira ankayenera kuvula chipewa, ndipo akachedwa ankakalipiridwa kapena kumenyedwa kumene. Maumboniwa John McCracken adawasonkhanitsa m'buku lotuluka mu 2015. Zolembazo n'za m'Chingelezi, ngakhale za mboni zimene zidayankhula kudzera mwa womasulira. Koma m'mbiri ya nthawiyo mudatsala kachiganizo ka Chichewa kamene olemba amakasiya momwe kalili, ndiko mfuu ya mzungu pamsewu: chotsa chipewa.

Womasulira m'Chingelezi sangaonetse chimene chili m'mawu awiriwa, chifukwa Chingelezi chilibe njira ziwiri zolamulira. Ife tili nazo. Kwa mwana timati chotsa. Kwa munthu wamkulu, ngakhale ali yekha, timati chotsani, ndipo tikafuna ulemu weniweni sitilamula n'komwe, timati mungachotseko kapena tachotsani. Amene ankauzidwa kuti chotsa anali madoda a ndevu zawo, akuluakulu a mpingo, anthu oti kwawo ngakhale mfumu imawatchula kuti inu. Ndinawawerengera agogo kachiganizoka tili pakhonde, osawauza kumene kachokera, n'kuwafunsa kuti akuganiza kuti akuuzidwayo ndani. Anati ndi kamwana kamene kalowa m'tchalitchi ndi kapusi kumutu.